Mchere ndi Khasu pa Dambo la Mchombo

Ana anga, mwakhala mukundipempha kuti ndilembe za ntchito imene ndinagwira kumishoni ya kuphiri. Za ubwana wanga kwa Mbenje sindinena zambiri, chifukwa unali ngati wa mwana aliyense wa m'mbali mwa Shire: kuinga mbalame m'mapira, kuthawa madzi akasefukira, kubwerera akaphwa. Chofunika kuti mudziwe n'chakuti bambo anga anali Msena wochokera kwa Apwitikizi, mayi anga anali Mmang'anja, ndipo mwa ana onse amene anabereka tinatsala awiri, ine ndi mng'ono wanga Malita. Bambo atamwalira tinasamukira kumudzi kwa mayi, m'tsinde mwa mapiri. Ine ndinakwera phiri kukaphunzira, Malita anatsala kuchigwa ndi khasu.

1913: Ntchito yoyamba

Ntchito inandipeza ndikadali mwana wa sukulu. Pamishonipo panali kachipatala ka zipinda ziwiri, ndipo mwini wake anali namwino wachizungu amene tonse tinkamutcha Dona Fulumira, poti mawu amenewo ndiwo anayamba kuwadziwa m'chinenero chathu. Odwala ambiri ochokera kuchigwa ankalankhula Chisena chokha, ndiye Dona ankafuna mtsikana womva Chisena, Chimang'anja ndi Chingerezi pang'ono. Aphunzitsi anatchula ine. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinali mwana wamanyazi. Munthu akandifunsa kanthu ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Nachete. Zimene ndinkalephera kunena pakamwa ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga ka masiku, mzere umodzi kapena iwiri. Koma ndinazindikira msanga kuti kumasulira n'kosavuta kwa munthu wamanyazi. Mawu sakhala ako. Umangowanyamula ngati mtsuko wa eni ake, n'kuwatula pamene akufunika.

Kupatula kumasulira, ndinkatsuka zilonda, kuchotsa ana matekenya ndi kuwiritsa nsalu zomangira mabala. Zonsezi zinkafuna madzi, ndipo madzi athu ankachokera mu mtsinje waung'ono wa Nyamitete. Mtsinjewu unkayambira pamwamba pa mishoni, pa dambo limene anthu ankalitcha Mchombo. Amene mwangodziwa kuchigwa kokha simungaganize kuti pamwamba pa phiri pangakhale dambo, koma linalipo, pakati pa zitunda ziwiri, lozunguliridwa ndi mikuyu ndi mbawa. Silinali lalikulu. Dothi lake linali lakuda, lofewa, lonjenjemera ukaponda pamphepete. Munkamera mlulu ndi bango, munali achule ndi nkhanu, ndipo akakowa ankabwera kuchokera kuchigwa. Mvula ikagwa dambolo linkamwa madzi osawataya, kenako n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Mitsinje ina ya m'phirimo inkauma mapira akangokololedwa, koma Nyamitete ankayendabe, ngakhale mocheperachepera, mpaka kutsikira kumidzi ya m'tsinde.

M'dambomo munali moletsedwa kulima, kukumba ngalande, kutentha kapena kumwetsa mbuzi. Woyang'anira anali a Chapinga, bambo wamfupi wosoka mphasa, wokonda nthabwala, amene bango lake ankakadula kutali ngakhale kuti labwino linali pakhomo pawo. Tsiku loyamba kupita kumeneko ndi mtsuko anandiimitsa.

"Iwe mwana wa m'buku, tungira kunsiko, pa miyala. Kuno ukaponda, achule anga akadandaula kwa Dona wako."

"Pepani, bambo. Kodi dambo ili ndi lanu?"

"Langa? Ine mlonda chabe. Wapafupi ndi madzi sakhala mwini madzi. Mwini ndi uja wakunsi, amene ludzu limayamba kumupeza. Kafunse amako."

Ndinadabwa kumva akutchula mayi anga. Ndinkadziwa kuti chaka chilichonse, zokolola zikatha, mayi ankakwera phiri ndi nsengwa ya mchere wophika okha, koma ndinkayesa kuti amakagulitsa. Atabwera chaka chimenecho ndinawaperekeza, ndipo ndinaona akugwada n'kutula nsengwayo pakhonde pa a Chapinga. Pobwerera anandiuza kuti kuyambira kale midzi ya m'tsinde imatumiza mchere kwa osunga dambo, kuwathokoza kuti asiya dothi labwino chotero osalilima kuti anthu akunsi amwe. Wonyamula mcherewo ankachokera m'nyumba yathu, mayi kusiyira mwana wamkazi wamkulu.

1915 mpaka 1919: Kusowa

Zaka za nkhondo ya Ajeremani zinali zovuta pachipatala. Amuna ambiri anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ndipo obwerako ankabwera ndi zilonda za m'mapazi ndi m'mapewa. Mankhwala amene ankafika pa sitima ku Boma la Port Herald, kumene lero mumati Nsanje, anachepa. Kwinini ankamusungira odwala kwambiri okha. Nsalu za mabala zitatha, Dona Fulumira anang'amba zofunda zake, kenako makatani a m'nyumba mwake, ndipo nsalu imodzi tinkaichapa n'kuiwiritsa mpaka kusanduka ulusi. Sopo atasowa tinkachapira phulusa. Chimene sichinasowe ndi madzi okha. Dona anali wokalipa, koma ndi iye anandiphunzitsa kuti bala limafuna manja oyera kuposa mankhwala. Nthawi zina ankandigwira pachibwano n'kundidzutsa mutu. "Lidiya, lankhula ndi wodwala, osati ndi pansi. Pansi sipadwala."

Nkhondo itatha kunabwera fuluwenza. Za nthenda imeneyo sindikonda kukumbuka. Inatenga ana asukulu anzanga, inatenga mkazi wa a Chapinga, ndipo kuchigwa inatenga mayi anga. Ndinafika akadali moyo. Malita anali atakwatiwa kale ndi a Zuze, mnyamata wa Chisena wopalasa mwadiya, bwato la pa Shire, ndipo anali ndi pakati. Mayi analoza nsengwa imene inali kudenga nati, "Ija ndi yako tsopano. Usachite nayo manyazi."

Chaka chotsatira ndinapempha masiku opuma, ndinatsika, Malita anandithandiza kuphika mchere, ndipo ndinakwera nawo. Nkhaniyi inafika kwa mkulu wa mishoni, amene tinkamutcha Bwana Chiphazi. Anandiitana, osati mwaukali, n'kundifunsa ngati mcherewo ndi nsembe, popeza ndinali wobatizidwa. Mwamwayi a Chapinga anali pabwalo akugulitsa mphasa, ndipo Bwana anati afunsidwe okha, ine ndimasulire.

"Muuze Bwana," anatero a Chapinga, "kuti mizimu ili ndi malo ake ndipo ili ndi anthu ake. Mchere uwu ndimadya ndine, mu therere. Ngati akukayika abwere adzalawe, koma abwere ndi ufa wake."

Bwana anaseka, nkhani inathera pomwepo, ndipo analamula kuti antchito a mishoni asadule kanthu pa Mchombo.

1922: Chaka cha njala

Mvula ya chaka chimenecho inangonyowetsa fumbi n'kupita. Mapira anauma asanatulutse ngala, thonje silinabereke, ndipo Shire sanasefukire, choncho madimba a m'mbali mwake analibe chinyontho. Anthu anayamba kudya zipatso za m'tchire ndi mizu. Amphamvu anapita kumadambo a kuchigwa kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene timadya pa njala, koma kumeneko kunali ng'ona ndi udzudzu. Ena anakwera phiri, atamva kuti kumishoni kuli chimanga. Chimanga chinalipo, koma chochepa, ndipo tinkaphika phala lamadzimadzi kamodzi patsiku. Anthu ankagona pansi pa mitengo kuzungulira chipatala.

Pakati pa okwerawo panali Malita, ndi mwana wake Chanaze kumbuyo. A Zuze anali atapita kwa Apwitikizi kukafuna ntchito ndipo sanamvekenso. Chanaze anali mwana wosekaseka, woyamba kumene kulankhula bwino, ndipo ankanditcha mayi aakulu. Tsopano anali chete, tsitsi litafiira, mapazi atatupa. Ndinawatengera m'chipinda changa ndipo phoso langa tinkagawana atatu, koma nalonso linkachepa sabata ndi sabata.

Maso a anthu anjala anayamba kuyang'ana ku Mchombo. Phiri lonse linali lotuwa, koma dambolo linali lobiriwira, ndipo aliyense wodziwa khasu ankaona kuti mutakumbidwa ngalande, madzi n'kutsika, mungabereke mbatata, maungu ndi chimanga. Amuna ena anapita kwa Bwana Chiphazi kukapempha makasu a mishoni. Bwana sanali munthu wosadziwa. Anali ataona dambo lina kuseri kwa phiri limene anthu analilima kale: linabereka zaka zochepa, kenako mvula inakokolola dothi, pakatsala chigwembe chouma, ndipo mtsinje wake unafa. Anandiuza yekha kuti akudziwa zimenezi. "Koma Lidiya," anatero, "mtsinje udzafa m'tsogolo. Ana awa akufa lero." Ananena zoona.

Anati sangalamule yekha, ndipo anaitanitsa msonkhano pa dambo pomwepo. Unali m'mawa, dzuwa litayamba kutentha. Anthu anakhala pa chitunda, makasu a mishoni ataunjikidwa pansi pa mkuyu. Ine ndinaima pakati pa Bwana ndi a Chapinga monga mwa nthawi zonse, maso pansi. Bwana analankhula, ndinamasulira. Amuna akuchigwa analankhula m'Chisena, ndinamasulira. Mmodzi wa iwo, wamtali wowonda, analoza a Chapinga.

"Mbuya, achule anu anenepa. Ana athu ndiwo aonda. Kodi mukadzafa adzakuikani ndi achule?"

Anthu ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. A Chapinga sanabwezere nthabwala tsiku limenelo. Anati, "Mwanena zoona, ndipo ine sindikuletsani. Ndilibe mphamvu yoletsa, ndilibenso yolola. Ndakhala ndikudya mchere kuti ndisunge madzi a eni ake. Eni ake ndi akunsi. Ena mwa akunsiwo muli pano, ena atsala, amene miyendo yawakanika. Ine sindingasankhe pakati panu. Mwambo umati dambo limatsekulidwa ndi dzanja lomwe limabweretsa mchere. Iyeyo akaponya khasu loyamba, ine ndiponya lachiwiri."

Ndinayamba kumasulira mawuwo m'Chingerezi monga ndinkachitira ndi mawu ena onse, osaganiza. Ndinafika pa dzanja lobweretsa mchere, ndipo ndinalekezera pomwepo. Bwana anandiyang'ana, nati, "Ndani ameneyo?" Ndinati, "Ndine, Bwana." Aka kanali koyamba pa ntchito yanga yonse kuti mawu amene ndanyamula akhale opanda wina womutulira.

A Chapinga anatenga khasu limodzi pamuluwo n'kuliika patsogolo panga. Sanandipatse m'manja. Kenako Malita anaimirira, Chanaze ali kumbuyo, n'kubwera pafupi.

"Akulu, tolani."

"Malita, dikira."

"Ndidikire chiyani? Mayi anakusiyirani nsengwa, sanakusiyireni mwala pamtima. Tolani khasu."

"Mbatata imachedwa, mng'ono wanga. Mwina isanakhwime..."

"Mbatata imachedwa, kholowa sachedwa. Musandiphunzitse kulima, inu a m'buku. Masamba okha amukwanira mwanayu mpaka mvula."

Nayenso ananena zoona. Ndinamuyang'ana Chanaze, amene anali atatsamira pa msana wa amake, maso otsegula koma osayang'ana kanthu. Ndipo ndinaganiza za kumudzi, kumene ndinali nditapitako ndi Dona masabata apitawo kukaona odwala. Otsala kumeneko anali okalamba, akhungu, amayi oyembekezera ndi ana ongobadwa. Analibe chakudya, koma ankafukula mchenga mu Nyamitete n'kupeza madzi, ndipo m'mbali mwake anali atabzala timaungu tothirira ndi chikho. Shire anali kutali kwa munthu wofooka. Ngalande ikanakumbidwa, madzi akanatsika ambiri kwa kanthawi, kenako akanaleka, mvula isanafike. Anthu amenewo sanali pamsonkhano. Panalibe wowamasulira.

Ndinafuna kuti Bwana alamule, kapena a Chapinga, kapena wina aliyense wamkulu. Onse ankadikira ine. Ndinagwada monga ankagwadira mayi potula mchere, ndinagwira mpini wa khasu lija, n'kulitembenuza kuti tsamba lake liyang'ane kumwamba. Ndinanena m'Chimang'anja, kenako m'Chisena, kenako m'Chingerezi, kuti sinditsekula. Akuti mawu anga anamveka mpaka kuchitunda. Ine sindikumbuka.

Panali phokoso. Amuna ena anatukwana, wina analavula pafupi ndi mapazi anga, wina anakana m'Chisena nati, "Nkhabe, ife tikumba ndithu!" Koma palibe anatola khasu. Anthu akuchigwa ankaudziwa mwambowo, ndipo ambiri anali ndi amayi awo kunsi. Bwana anavula chipewa, kenako analamula kuti makasu abwerere kunkhokwe. Pambuyo pake anagulitsa ng'ombe za mishoni n'kutumiza anthu kukafuna chimanga kumtunda, koma chimene chinabwera chinali chochepa ndipo chinachedwa.

Malita sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Anakhala m'chipinda changa masiku angapo osandilankhula, akulandira phala la mwana yekha, lake n'kulisiya. Tsiku lina pobwera kuchipatala masana ndinapeza mphasa itapindidwa. Anali atatsika ndi gulu lopita kumadambo kukazula nyika. Ndinapempha Dona kuti ndiwatsatire, koma odwala anali odzaza khonde ndipo womasulira anali mmodzi. Dona, amene sindinamuonepo akulira, anandigwira dzanja nati, "Usafulumire, Lidiya. Khala." Uthenga unafika mvula yoyamba itagwa, ndi munthu wogulitsa nsomba zouma. Chanaze anamwalira kumadambo, atatsekula m'mimba. M'kabuku kanga tsiku limenelo ndinangolemba dzina lake.

Nyamitete sanaume. Kumudzi kwathu anthu anafa ndi njala, koma ndi ludzu ayi, ndipo timaungu tija tinapulumutsa ena. Sindinganene kuti anapulumuka angati, ndiponso sindinganene kuti dambo likanalimidwa Chanaze akanakhala moyo. Anthu andiuza zonse ziwiri, aliyense motsimikiza. Ine ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri ndipo ndaona ana otupa mapazi ena akuchira, ena ayi.

1925: Kwa Malita

Chaka chotsatira njala, ndi chinzake, mchere ndinaphika ndekha. Malita sanabwerere kumudzi. Ndinamva kuti anakwatiwanso ndi msodzi ndipo akukhala pafupi ndi Shire, kumwera kwa Boma. Ndinatuma moni kangapo, koma sindinalandire yankho. Dona Fulumira atatsala pang'ono kubwerera kwawo anandipatsa masiku opuma, nati ndisawathere pochapa. Ndinatsika phiri, ndinayenda m'mbali mwa njanji, ndikufunsa njira.

Ndinamupeza Malita akusenda chinangwa pamthunzi wa nyumba, khanda lili pamiyendo. Anandiona ndikadali patali, koma sanaimirire. Ndinakhala pansi potalikirapo monga mlendo, ndipo anandipatsa moni wa kuchigwa.

"Mwacherwa, akulu."

"Ndacherwa, kaya iwe."

Anaitana mwana wa mnansi kuti andipatse madzi. Ndinamwa, n'kuthokoza. Tinakamba za ulendo, za mtengo wa thonje, za a Chapinga amene anali atakwatiranso mkazi wowaposa msinkhu, ndipo apa Malita anamwetulira pang'ono. Khandalo linali lamwamuna. Anandilola kulinyamula. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa, ndipo ndinabwerera kukhala Nachete wakale, maso pa zala za kumapazi. Dzuwa litapendeka ndinati ndizipita, kuti ndikagone kwa anzathu a mpingo ku Boma.

Anandiperekeza mpaka pamene njira imapatukira kunjanji. Apo anaima n'kuyang'ana kumapiri, amene ankaoneka otuwa chifukwa cha utsi wa chilimwe.

"Madzi aja akadalipo?"

"Alipo."

"Akuyenda mpaka kumudzi?"

"Mpaka kumudzi, Malita."

Anakonza nsalu yoberekera khanda, anaimanga mfundo kawiri pachifuwa.

"Muziwasunga bwino, akulu. Musadzalole munthu akumbepo, ngakhale ndibwere ndine kudzalira. Ndinawalipira kale ine madzi amenewo."

Anatembenuka n'kubwerera kunyumba, ndipo ine ndinaima panjirapo mpaka analowa m'mapesi a mapira.